Mavaikingi a ku Skorvik Sadziwa Kusambira

Chimene chinamudzutsa Gudveig usiku wa Lachiwiri ndi phokoso la madzi. Sanali mafunde, poti mafunde amawadziwa. Kunamveka chubwi, kenako phava phava ngati ng'ombe yagwera padziwe, kenako kutsokomola kwa munthu amene wamwa madzi osafuna. Anapapasa pabedi n'kupeza malo a mwamuna wake atazizira kale. Anasuzumira pakabedi ka mwana. Oddny, mwana wawo wamkazi wa miyezi isanu ndi iwiri, anali m'tulo, chala chili m'kamwa. Gudveig anangoponyera shawelo paphewa n'kutsetsereka kulowera kunyanja, nsapato osavala. Mwezi wa Juni mdima sugwa kuno ku Norway, choncho anaona zonse asanafike n'komwe.

Mwamuna wake, Anfinn, anali m'madzi olekeza m'khosi, chingwe chili m'chiuno, mbali inayo atamangirira pansanamira ya kanyumba kosungiramo bwato. Ankamenya madzi ndi manja onse awiri, koma kupita patsogolo ayi ndithu.

"Anfinn, mukutani?"

"Ndikusamba."

"Kusamba ndi chingwe m'chiuno ngati thole lopita kumsika?"

Bamboyo anadzikoka ndi chingwe chomwecho n'kukwera pamwala. Nsagwada zinkawombana, ndevu zikuchucha madzi. Gudveig anamufunditsa shawelo ija n'kuima chilili. Kudikira ankakudziwa. Pomaliza Anfinn anaulula. Lachisanu anthu a filimu amene anabwera m'mudzimo akajambula nkhondo ya panyanja. Chombo cha adani chikagundidwa, ndipo amuna khumi ndi mmodzi akalumphira m'madzi pakati penipeni pa nyanja, atavala zovala zonse za nkhondo. Iye anali mmodzi mwa iwo.

"Mwawauza kuti simudziwa kusambira?"

"Sanafunse."

"Nanga enawo? Sjur amadziwa?"

"Sjur akadziwira kuti? Palibe amene amadziwa." Anfinn anapukuta kumaso ndi shawelo. "Usauze munthu, Gudveig. Masiku alipo awiri. Lero ndayandama pang'ono."

Gudveig anabadwira ku Skorvik konkuno, m'nyumba yachitatu kuchokera patchalitchi. Bambo ake, a Gjermund, anamira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankachokera kutsidya ndi udzu wa ng'ombe, mphepo inatsika m'phiri n'kugubuduza bwato. Panali pafupi, moti mwanayo ankaona mtundu wa chipewa chawo. Pagombe panali amuna atatu. Anathamangira kukakankha bwato lina, koma palibe amene analumphira m'madzi, chifukwa kuno mwamuna saphunzira kusambira. Madzi athu amachokera ku chipale chofewa cha m'mapiri, ndipo kuya kwake kumayambira pagombe pomwepo. Makolo amati wodziwa kusambira amangotalikitsa imfa yake. Mwana wamwamuna amaphunzira kupalasa asanathothoke mano, amaphunzira kuwerenga mitambo, kumanga mfundo, kuponya ukonde. Kusambira ndi masewera a ana a m'tauni.

Kuyambira tsiku limenelo Gudveig anakhala munthu wa pawindo. Ankadziwa bwato lililonse lomwe latuluka ndiponso nthawi yomwe liyenera kubwera. Anapita ku sekondale m'tauni zaka ziwiri, n'kutolako Chingerezi chokwanira kuwerenga kalata, kenako mayi ake anadwala ndipo anabwerera kumudzi. Asodzi awiri anamufunsira, onse anawakana. Anavomera Anfinn chifukwa anali mlimi wa maapozi, munthu amene ngozi yake yaikulu inali kugwa pamakwerero. Anthu ankamuseka kuti wasankha mwamuna ngati akusankha mpando, woti ukauika pamalo umakhala pomwepo. Iye ankagona tulo.

Ndiye kunabwera anthu a ku Hollywood. Choyamba inafika kalata, chipale chisanasungunuke, yoti amuna onse ofuna ntchito asiye kumeta ndevu. Abusa analalikira kwa mpingo wooneka ngati mbuzi kwa miyezi itatu. Kenako zinafika zombo zitatu za mitu ya zinjoka, zishango zili ndondondo m'mbali, pamodzi ndi sitima yoyera momwe munkagona akatswiri a filimuyo. Nkhani yake akuti inali ya Mavaikingi, makolo akale aja oyenda panyanja kukalanda za eni ake. Amuna a m'mudzi analembedwa ntchito yopalasa ndi kukuwa. Akazi odziwa makina anawasonkhanitsa m'sukulu kuti azisoka ndi kuchapa zovala, ndipo Gudveig ankapita ndi Oddny m'dengu, n'kumuika pansi pa tebulo.

Katswiri wamkulu anthu anamupatsa dzina loti Chimano, chifukwa mano ake ankaoneka munthu ali kutsidya. Sanali munthu woipa. Ankapatsa moni aliyense, ndipo kulumphira m'madzi ankalumpha yekha, osatuma wina. Koma Gudveig anaona pawindo la sukulu mmene kulumpha kwakeko kunkakhalira. Mkati mwa zovala ankavala chovala cha mphira. Mabwato awiri ankadikira pambali, m'limodzi muli dokotala, m'linalo muli munthu amene ntchito yake yonse inali kunyamula bulangete. Akangovuuka ankamuthamangira ngati mwana woyamba. Mkazi wotchuka wa mufilimuyo naye anali ndi mayi womugwirira ambulera. Tsiku lina anadutsa m'sukulumo, n'kugwira tsaya la Oddny, n'kunena kuti ndi kamnyamata kokongola.

Za kulumphazo zinayenda chonchi, malinga ndi mmene Anfinn anafotokozera. Womasulira wa anthu a filimuwo, a Meidell, bambo wa ku Bergen wovala nsapato zoyera, anaimika amuna pabwalo n'kunena kuti bwana akufuna anthu khumi ndi mmodzi olumpha, ndipo sakuvutika n'kufunsa ngati alipo woopa, poti zidzukulu za Mavaikingi zimabadwira m'madzi. Amuna anayang'ana pansi. Sjur, msodzi wa pakamwa, anakweza dzanja n'kutembenukira kwa Anfinn.

"Iweyo khala, wa maapozi. Unganyowetse ndevu, mkazi wako akakukalipira."

Anfinn anakweza dzanja. Ena anatsatira, aliyense akuganiza kuti mnzake ayankhula. Palibe anayankhula.

Lachitatu m'mawa Gudveig anafika kusukulu maso ali gwa. Anali atalonjeza kuti sauza munthu, koma Magnhild, mkazi wa Sjur, anamuyang'ana kamodzi kokha n'kuimitsa makina.

"Nawenso wako wayamba?"

"Wayamba chiyani?"

"Wanga ndamupeza dzulo atagona chafufumimba pabenchi la kukhitchini, akuponya miyendo ngati chule. Buku la sukulu la mwana lili pansi, akuonera chithunzi. Ndati bambo, mwasochera, nyanja ili panja."

Akazi anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano. Zinapezeka kuti aliyense anali ndi yake nkhani. Wina mwamuna wake anasiya kudya. Wina anapita kukakonza mtanda wa pamanda a bambo ake popanda womutuma.

Gudveig anapita pamulu wa zovala za olumphawo. Anali majasi aatali a ubweya wa nkhosa, okhuthala, ofika m'mawondo, ndi malamba achikopa. Anatenga limodzi n'kuliviika mumphika wochapira, n'kuyesa kulinyamula. Mpaka anachita kuitana Magnhild kuti amugwirire mbali ina. Mkazi aliyense wochapa amadziwa mmene ubweya umamwera madzi. Kenako anatenga malaya a nkhondo a Chimano, aja ooneka ngati achitsulo. Anali a ulusi wolukidwa, wopakidwa penti yonyezimira. Anawanyamula ndi chala chimodzi.

Masana anakawapeza a Meidell akumwa khofi pakhonde la sitolo.

"Bambo Meidell, amuna athu sadziwa kusambira."

"Mayi, kuchokera pachombo kufika pamtunda si patali."

"Sadziwa kusambira. Ngakhale kuchokera pano kufika pamasitepe apo."

A Meidell anaika kapu pansi n'kuyang'ana uku ndi uku. "Mukufuna ndikauze azungu aja kuti asodzi a ku Norway amamira ngati nkhwangwa? Akandiseka. Akapanda kundiseka, akatenga ana a sukulu a ku Bergen, n'kuwamata ndevu za ubweya, ndipo amuna anu akaonerera ali pagombe. Mukuganiza kuti akakuthokozani? Amuna akuluakulu avomera okha. Palibe amene ndinamukweza dzanja."

"Inuyo mumadziwa kusambira?"

"Ndithu."

"Ndiye valani jasi limodzi mukalumphe, tione."

A Meidell anaseka, n'kunena kuti akazi a kumudzi kuno ndi olimba kuposa amuna, n'kupitiriza khofi wawo.

Madzulo anadya kwa apongozi, mbatata ndi nsomba zamchere. Gudveig sanafune kuyambitsa nkhaniyo, koma a Torkjell, bambo a Anfinn, anali ataimva kale kugombe. Mkuluyo anapalasa bwato zaka makumi asanu osanyowa kupitirira m'chiuno.

"Mwana wanga wanena kuti alumpha, alumpha," anatero akuchotsa minga. "Mwamuna sabweza dzanja lomwe wakweza pagulu."

"Bambo, akamira?"

"Nyanja ikafuna munthu imamutenga ngakhale ali mumtengo wa maapozi."

"Si nyanja imene ikumufuna. Akumufuna ndi munthu wovala chipewa cha nsalu amene akufuna chithunzi."

A Torkjell anapitiriza kutafuna. A Synneva, mayi a Anfinn, ankagwedeza mwana pamwendo. Koma pamene Gudveig ankatuluka, mayiwo anamutsatira pakhomo n'kumupatsa kiyi wa kanyumba komwe a Torkjell ankasungamo maukonde.

Maganizo anali a mayiwo. Paukonde uliwonse pamakhala timitengo topepuka toyandamitsira, tokula ngati chibakera cha mwana. Lachitatu lomwelo akazi khumi ndi mmodzi anadula timitengo ta pamaukonde a amuna awo, n'kutisema kuti tiphwatalale, n'kutisokerera mkati mwa majasi, pachifuwa ndi kumsana, mizere inayi inayi. Magnhild anayesa limodzi pagombe ataikamo mwala waukulu. Linayandama. Gudveig anasoka la Anfinn kawiri, ndi ulusi wa ukonde, ndipo anawonjezera mzere wachisanu m'khosi kuti mutu uzikhala pamwamba.

Lachinayi masana olumphawo anawaveka kuti mkulu wa filimu awaone. Anawandandalika pabwalo la sukulu, akazi akuonerera pakhonde. Mkuluyo, bambo wamfupi wa chipewa cha nsalu uja, anayenda pamzere n'kuima. Anabwerera pambuyo, n'kupendeketsa mutu. Amuna a ku Skorvik ndi owonda, koma apa anali atatupa ngati migolo, mikono ili tang'a osafika m'mbali. Sjur sankatha n'kuwerama komwe. Mkuluyo anagogoda Anfinn pachifuwa ndi chala, ndipo panamveka go go go. Anaitana mayi woyang'anira zovala, mayiyo anatumbula msoko ndi lumo, kamtengo n'kugwera pansi.

Alendo onse anafa nacho chikhakhali. Chimano anatola kamtengo kaja n'kukaponya m'mwamba n'kukawakha. Amuna a m'mudzi, omwe anali atamva kale timitengoto m'nthiti koma osanena, anafiira makutu. A Meidell anayamba kufotokoza m'Chingerezi kuti ndi chikhulupiriro cha akazi a kumudzi, ngati chithumwa.

Gudveig anamva mawu amenewo ndipo anawamvetsa. Anatsika pakhonde Oddny ali m'manja. Chingerezi chonse cha kusekondale chinathawa, kungotsala mawu ochepa. Anadutsa a Meidell, anadutsa mkulu wa chipewa, n'kukaima pamaso pa Chimano. Anamuuza kuti amuna awa sadziwa kusambira. Anabwereza kawiri. Anawonjezera kuti jasilo likanyowa limalemera ngati munthu.

Chimano anasiya kuseka. Anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana mzere wa amuna. Anafunsa a Meidell kuti mwamuna wa mayiyu ndi uti, ndipo anamulozera. Anapita kwa Anfinn, n'kumugwira paphewa mwaubwenzi, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve ngati zili zoona. A Meidell anamasulira mosapsatira mawu, Gudveig anamva yekha.

Apa ndi pamene mpaka lero Gudveig akapakumbukira amasiya chimene akuchita. Munthu anafunsidwa funso loona, pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake. Kumanja kwake kunali Sjur, kumanzere amuna ena asanu ndi anayi, onse akuyang'ana nsapato zawo, onse akulakalaka mnzawo atanena. Kumpanda kunali a Torkjell, kaliwo kali kukamwa.

"Timadziwa," anatero Anfinn. "Mkazi wanga ndi wamantha chabe. Bambo ake anamira."

Chimano anamumenya kumsana mokondwa, n'kutembenukira kwa Gudveig ndi mano ake onse aja, n'kumuuza kuti asadandaule, mwamuna wake ndi Mvaikingi weniweni. Timitengo tonse anatitumbula n'kutiunjika pakona pa bwalo. Majasi anawatengera kusitima yoyera kuti akazi asawagwirenso. Komabe katswiriyo, mwina pofuna kumusangalatsa mayi wa mwana, anapempha kuti pakhale bwato limodzi lodikira. Mkulu wa chipewa anavomera, bola libisale kuseri kwa thanthwe la kumpoto kuti lisaoneke pachithunzi.

Ntchito itatha, Gudveig anasiya mwana kwa Magnhild n'kutenga bwato la apongozi. Anapalasa mpaka kuseri kwa thanthwe lija. Kuchokera pamenepo analunjika pa mgolo wofiira womwe anthu a filimu anauika posonyeza pomwe chombo chikaime, akuwerenga nkhafi. Anakoka maulendo zana limodzi ndi makumi anayi, ndi mphamvu zake zonse, nyanja ili bata. Atafika anapisa mkono m'madzi mpaka m'chigongono n'kuyamba kunena Atate Wathu. Asanafike pa chakudya chathu chalero, zala zinali zitafa. Bwato limodzi, amuna khumi ndi mmodzi.

Gudveig anamupeza Anfinn kumunda akumangirira nthambi za mtengo wa maapozi, ntchito yomwe sinali yofulumira.

"Wandichititsa manyazi pagulu," anatero bamboyo osatembenuka.

"Ine ndakuchititsani manyazi? Mwatenga maliro a bambo anga n'kuwapereka kwa alendo kuti aseke."

"Sindinafune kutero."

"Munafuna chiyani? Munthu uja anakufunsani bwinobwino. Mukanangoti ayi, amuna khumi akanakupsompsonani ndevu."

"Akanandiseka mpaka kumanda. Oddny akanakula akumva kuti bambo ake ndi amene anaopa."

"Akanamva ali pamwendo panu."

Anfinn anamanga mfundo, n'kuimasula, n'kuimanganso. "Akuti tikangolumpha tigwire nkhafi zomwe zikhale zikuyandama. Sjur akuti n'zotheka."

"Sjur wa pabenchi uja?"

Bamboyo anatsala pang'ono kuseka, koma anadziletsa. "Ndilumpha, Gudveig. Ndinanena kawiri tsopano."

Gudveig anamuyang'ana kumsana nthawi yaitali. Anaona kuti mfundo yosavuta ija ikumukanika, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa, chifukwa munthuyo ankadziwa bwino chimene akuchita. Sanakanganenso naye. Anakatenga mwana kwa Magnhild, ndipo akaziwo anayankhulana pachipata mwachidule za kutuluka ndi mabwato mawa.

"Akatithamangitsa," anatero Magnhild. "Akati tawononga chithunzi. Ntchito ya kusukulu ija ndiye iwalako."

"Akatithamangitsa ndi chiyani? Zombo zawo za mitu ya zinjoka zija sizitembenuka msanga."

"Amuna athu sadzatiyankhula mpaka Khirisimasi."

"Wako akakhala chete mpaka Khirisimasi, ukadandaula?"

Magnhild anaganiza pang'ono. "Ndibwera ndi bwato la mchimwene wanga. Ndi lopepuka."

Gudveig anayenda nyumba zonse za akazi a olumpha enawo. Akazi anayi anavomera. Atatu anati aona m'mawa. Enawo anati mwamuna akanena wanena, ndipo mmodzi anatseka chitseko Gudveig asanamalize kuyankhula. Pomaliza anafika kwa apongozi. A Torkjell anali panja akusoka ukonde wawo wodulidwa uja, nkhope ili ndwii. Gudveig anawapatsa moni n'kulowa kukhitchini.

"Amayi, mawa mundisungire Oddny. Ndimuyamwitsa m'mamawa, masana mumupatse phala."

A Synneva anapukuta manja pa epuloni. "Ukupita kuseri kwa thanthwe?"

"Ayi. Ndikaima pambali pa chombo, pomwe akalumphire."

Mayiwo anagwedeza mutu, n'kutsegula kabati, n'kuyamba kutulutsa mabulangete. Anamuuzanso kuti ngowe yaitali yokokera mabwato ili pamwamba pa denga la kanyumba ka maukonde, ndipo munthu wovala jasi amakoleka bwino palamba, osati pakolala, chifukwa kolala imang'ambika.

Gudveig anasankha kutuluka dzuwa lisanawombe phiri la kutsidya, anthu a filimu asanadzuke, n'kukamangirira bwato lake pa mgolo wofiira uja ndi mfundo yomwe munthu wa ku Hollywood sangaimasule. Adzakhala pamenepo ndi ngowe ndi mabulangete, kaya abwere akazi anayi, kaya abwere Magnhild yekha, kaya asabwere aliyense. Akafuna kujambula, ajambule iye ali pomwepo. Akafuna achoke, ayambe atsitsa Anfinn m'chombo ali wouma.